Ana atatu denga limodzi, wathawa mmodzi: nanga bwanji iyeyo?

Mwana akathawa pakhomo pamabwera funso limodzi lomwe aliyense amafunsa, kaya ndi aneba, kaya azimayi a kumpingo obwera kudzapepesa, ngakhale wapolisi amene akulemba sitetimenti: nanga anzakewa bwanji sanathawe? Bambo yemweyo, nsima yomweyo, umphawi womwewo, ndiye iyeyu chamuvuta ndi chani? Yankho silichedwa kubwera, eti ndi wosamva, walowerera, amunyenga anzake a chamba. Funsolo palokha ndi labwino kwambiri, kungoti timaliyankha tili chiimire. Ana a nyumba imodzi sikuti amakula mofanana ayi. Woyamba anabadwa bambo akadali pantchito, wachitatu anabadwa ntchito itatha ngongole zili m'khosi, wina anabwera ndi mayi ake kuchokera ku banja loyamba, wina ndi wa malemu achemwali anangomutenga pamaliro. Denga ndi limodzi inde, koma aliyense ali ndi pake pomwe anamukhazika, ndipo ana amadziwa malo awo bwino kuposa momwe akuluakulufe timaganizira.

Komwe ndinkachita lendi zaka zingapo zapitazo, lokeshoni ina mu Blantyre momwemu, nyumba zogundizana zija mpopi umodzi bafa limodzi, khomo loyandikana ndi langa munali banja la ana atatu. Wamkulu mnyamata wa zaka 14, wa ku banja loyamba la mayiyo, kenako mtsikana wa zaka 9 ndi kamzime ka zaka 6, awiriwa a bambo a m'nyumbamo. Sindinamvepo bamboyo akumenya mwana womupezayo olo tsiku limodzi, ndipo ndikanamva ndithu chifukwa khoma lake linali loti wina akatsokomola mbali inayo iwe umayankha kuti pepani. Zomwe ndinkaona ndi zing'onozing'ono. Ang'onowo ankati "adadi", iye ankati "ankolo". Bambo akatulukira ndi jumbo madzulo ang'onowo ankathamangira kukalandira, iye ankanyamuka pampando n'kupita kukakhala pakhonde. Mayi ake akafuna kumupatsa ya mandasi ankamupatsira ku mpopi mobisa, ngati kuti ndalamayo aba. Loweruka lina akulimbirana rimoti, kamzime kaja kanangoti "kuno si kwanu iwe, pita kwa adadi ako." Akuluakulu onse awiri anali pomwepo. Bambo anaseka pang'ono, mayi maso ali pa lichero la mpunga ngati sanamve. Lachiwiri lake mnyamata uja anavala yunifomu, ananyamula chikwama, kusukulu sanafike.

Mwana wa zaka 6 sapeka yekha mawu ngati amenewo, amakhala kuti anawatola penapake. Ndipo apa ndi pomwe nkhani ya chibale imalowera. Zomwe akuluakulu amanong'onezana kuchipinda, kuti fizi ya uyu ndilipira ndine, ya uyo akalipire bambo ake, ana amazitulutsa poyera masana dzuwa likuswa mtengo. Kholo likhoza kulumbira kuti silikondera, koma abale ake a mwana ndi amene amamuwerengera tsiku ndi tsiku kuti iweyo uli nambala chani muno.

Anzathu kunja anayesapo kuwerenga zinthu zimenezi. Ku UK bungwe la The Children's Society linafunsa ana asukulu masauzande mu 1999, n'kubwerezanso mu 2005 ndi 2011, ndipo chiwerengero chomwe chinkatuluka ndi choti ana pafupifupi 100,000 osakwana zaka 16 amagona kunja kwa nyumba yawo chaka chilichonse, ena atathawa ena atathamangitsidwa. Mndandanda wake unkatuluka womwewo: othawa kwambiri anali okhala ndi kholo lowapeza, kenako okhala ndi kholo limodzi, ocheperapo anali okhala ndi makolo awo onse owabereka. Munthu akangomva pomwepa akhoza kuthamangira kunena kuti basi, vuto ndi mabanja achiwiri. Koma atafunsa anawo za momwe akukhalirana m'nyumbamo, kaya amamvetsedwa, kaya mumakhala mikangano yotani, anapeza kuti zimenezi ndiye zikulemera kuposa maonekedwe a banjalo. Chinanso chomwe chinaoneka ndi nthawi: mwana amene pakhomo pake pangosintha kumene, wina watuluka kapena wina walowa, ndi amene ali pafupi ndi chitseko. Ku America nako kafukufuku wa boma wa mu 1999 anapeza ana pafupifupi 1.7 miliyoni ochoka pakhomo pawo, awiri mwa atatu aliwonse a zaka 15 mpaka 17, ndipo ambiri anabwerera sabata isanathe. Chomwe chimandisangalatsa pa kafukufuku ameneyu ndi choti othawa ndi othamangitsidwa anawaphatikiza gulu limodzi, chifukwa mukafunsa kholo limati anathawa, mukafunsa mwana amati anandiuza kuti ndichoke, nkhani yake imodzi yomweyo.

Pa nkhani ya makolo owapeza pali akatswiri awiri a ku Canada, Martin Daly ndi Margo Wilson, omwe m'zaka za m'ma 1980 anaonetsa kuti ana okhala ndi kholo lowapeza amakumana ndi nkhanza kwambiri poyerekeza ndi anzawo. Anthu akhala akutsutsana za chifukwa chake mpaka lero. Koma tisaiwale kuti ambiri mwa makolo owapeza sachita nkhanza, ndipo tonsefe tikudziwa munthu mmodzi kapena awiri amene anaphunzitsidwa mpaka ku koleji ndi bambo amene sanamubereke. Mwana wa mnzako ngwako yemwe si mwambi wongokometsera pakamwa, alipo amene akuuchita mwakachetechete.

Tsopano kwathu kuno zinthu zili ndi kakomedwe kake kena, chifukwa banja lathu silithera pa bambo, mayi ndi ana. Tengani mudzi wa chikamwini, kaya ku Dedza, kaya ku Zomba, kaya ku Mulanje. Banja likatha mkamwini amanyamula kachikwama kake n'kubwerera kwawo, ana amatsala pa mbumba. Mayi akakwatiwanso amabwera mkamwini wina, n'kubereka ana ena. Ana onsewa, ngakhale abambo ndi atatu osiyana, ndi a bere limodzi, dothi lomwe akupondalo ndi la amayi awo, ndipo mwini mbumba ndi malume. Mlendo pamenepo ndi bamboyo osati mwana. Kamzime sikanganene kuti kuno si kwanu chifukwa ndi kwawo onse. Komanso mwana akapsetsana mtima ndi bambo womupeza, khomo la agogo lili apo mapazi khumi, akadya komweko, akagona ku mphala kapena ku gowelo ndi anzake, mawa mtima waphwa. Kumeneko tingati ndi kuthawa kwa pang'onopang'ono kololedwa ndi mwambo, ndipo kwapulumutsa ana ambiri.

Ndiye banja lomwelo mulitenge mulikhazike m'tauni, nyumba ya zipinda ziwiri ya lendi ku Ndirande kapena ku Mtandire. Mwini nyumba tsopano ndi amene akulipira lendi. Malume ali kumudzi, kapena ali ku Joni foni yawo imapezeka mwa apo ndi apo. Mphala kulibe, mnyamata wa zaka 15 akugona pabalaza kudikira kuti onse amalize kuonera TV ndiye ayale mphasa. Mwana yemwe kumudzi anali mwini dothi wasanduka mlendo wodyera chifundo, ndipo khomo la agogo lomwe linali mapazi khumi tsopano ndi ulendo wa minibasi wofuna ndalama yomwe iye alibe. Ine ndimaona kuti ana ambiri amene timawaona m'misewu ya Limbe kapena cha ku mlatho wa Lilongwe ankafuna khomo lachiwiri limeneli, atalisowa ndiye anakathera ku depoti.

Kumpoto ndi ku Lower Shire komwe amapereka lobola nkhani imatembenuka. Ana ndi a kuchimuna, banja likatha amene amachoka ndi mayi, ndipo ana amatsala kudikira mayi wina amene adzalowe m'khitchini momwemo, kugwiritsa ntchito mapoto omwewo. Mayi watsopanoyo akabereka ake, chikho cha shuga chimayamba kukhala ndi loko. Pamitala napo ndi chimodzimodzi koma kuwirikiza: makhitchini awiri, thumba la feteleza limodzi, ndipo ana a kwa mayi wamkulu amawerenga masiku omwe bambo agona kwa mayi wamng'ono bwino kuposa kalendala. Mkangano wa azimayi awiri amaumalizitsa ndi ana pabwalo la mpira.

Gulu lina lomwe sitilitchula mokwanira ndi ana amasiye ogawidwa. M'zaka zomwe Edzi inkasesa, ma ARV aulere asanayambe mu 2004, mabanja ambiri anazolowera kachitidwe kena kamene kakadalipo mpaka pano: maliro akatha achibale akhala pansi, katundu agawana, kenako ana agawana. Uyu apita ku Mzuzu kwa atate aang'ono, uyu atsala ndi agogo, mtsikanayu amutenga azakhali a m'tauni "azikaphunzira". Zolanda katundu lamulo la chuma cha masiye la mu 2011 linaziletsa, koma kugawa ana kumaoneka ngati chifundo ndipo nthawi zambiri ndi chifundodi, palibe amene angakwanitse kutenga ana asanu nthawi imodzi. Vuto ndi loti mwana amene wataya mayi sabata ino, sabata yamawa akutayanso mkulu wake ndi mng'ono wake, anthu okhawo amene akukumbukira momwe mayi ankasekera. Akafika kwa azakhali apeza ana a m'nyumbamo ali ndi nsapato za sukulu, iye ali ndi ndowa ndi mopu. Asuweni akamuputa alibe womuikira kumbuyo, akamunamizira kuti waba tchenji alibe mboni. Mwana wotereyu akathawa kawirikawiri sikuti akungoyenda chiyendeyende, amakhala akulondola komwe kuli m'bale wake.

Kodi kuchuluka kwa ana pakhomo kumapangitsa? Apa ndiye mpeni wake ndi wakuthwa konsekonse. Mabanja athu akucheperachepera, mu 1992 mayi mmodzi ankabereka ana pafupifupi 7, pofika 2015-16 zinatsika kufika pa 4.4. Ana akachuluka zonse zimagawidwa tizidutswa, chakudya, ndalama ya yunifomu ndi makope (pulayimale ndi yaulere kuyambira 1994 koma kope saligawa kwaulere ku golosale), ngakhale maso a kholo. Pa ana 8 wina akhoza kujomba kusukulu sabata yathunthu osadziwika, makamaka apakati aja amene sali chisamba sali mzime. Koma ana ochuluka ndi gulunso. Bambo akabwera ataledzera amathawira limodzi kuseri kwa nkhokwe n'kumaseka mwakabisira, mkwiyo umagawidwa, mawa wina amafunsa mnzake kuti zikupweteka pati. Mwana yekhayekha m'nyumba ya makolo okangana amasenza zonse payekha, iye ndiye mboni, iye ndiye mthenga, "kawauze amako". Choncho kungowerenga mitu sikutiuza zambiri. Funso loyenera ndi loti pa mitu imeneyo, alipo olo mmodzi amene ali mbali yake?

Chisamba, makamaka akakhala mtsikana, ali ndi nkhani yakeyake. Ameneyu amasanduka mayi wachiwiri asanamere n'komwe mawere, kubereka mwana kumbuyo, kuphika, kutunga madzi, kujomba kusukulu mayi akapita ku geni. Ana ang'onowo amamumanga miyendo. Atsikana ambiri amapirira zinthu zoopsa zaka ndi zaka chifukwa choti ndikachoka awa atsala ndi ndani, ndipo ena amachita kudziika pakati kuti dzanja la bambo kapena maso a ankolo asafike kwa wamng'ono. Tsiku lomwe watopa n'kuchoka, katundu yense uja amagwera wopondana naye. Ndiye mukaona mwana wachiwiri wathawanso patatha chaka, anthu amati ndi magazi, banja lake ndi lotero, ena mpaka kuganiza zoti anawalodza. Pomwe chachitika ndi choti mpando wowawa uja wangosintha wokhalapo.

Komanso wamkulu akachoka amakhala watsegula njira. Wamng'ono tsopano akudziwa kuti ndi zotheka, akudziwa basi yokwera, ali ndi nambala ya foni, ali ndi pofikira. Ku Mangochi mnyamata wa Sitandade 7 amene achimwene ake akutumiza zithunzi pa WhatsApp ali ku Johannesburg atavala jekete yachikopa, mukamuuza za mayeso amakuyang'anani ngati mukulankhula Chitchaina. Ena amatsatira abale awo ku maesiteti a fodya ku Kasungu ndi ku Mchinji, ena kunyanja kukakoka makoka, ena kukaweta ng'ombe za eni. Lamulo la ntchito limati mwana osakwana zaka 14 asalembedwe ntchito, koma amene wamuitana ndi mkulu wake, ndiye pakhomo sipamveka ngati kuthawa, amangoti wapita kwa achimwene ake.

Atsikana ndiye kuthawa kwawo kumabisala kwambiri. M'misewu timaona anyamata ambiri, n'kumaganiza kuti atsikana sathawa. Amathawa, kungoti amathawira m'nyumba zina, ku ntchito yolera mwana m'tauni kapena ku banja. Kafukufuku wa boma wa 2015-16 anapeza kuti amayi 42 pa 100 aliwonse a zaka 20 mpaka 24 anakwatiwa asanakwane zaka 18, ngakhale lamulo la maukwati la 2015 ndi kusintha kwa malamulo aakulu a dziko mu 2017 zinaika 18 ngati malire. Ambiri mwa iwo anakakamizidwa kapena anatenga mimba, zoona, koma mulinso ena amene anawerengetsa okha kuti kusiyana n'kuphikira ana a mayi ondipeza bola ndikaphikire mwamuna wanga. Pakhomo ngakhale kupolisi sapitako, akuti watengedwa, basi.

Pali mbali ina yomwe timaitcha masewera a ana pomwe si masewera. Makolo ambiri amapereka chikwapu kwa mwana wamkulu, "uziwalanga ang'ono akowa", ndiye mnyamata wa zaka 17 amene nayenso ali ndi mkwiyo wake akumenya wa zaka 12 ngati akumenya mbala, akadandaula amamuuza kuti ndi achimwene ako uziwamvera. Kafukufuku wa nkhanza kwa ana wa mu 2013 m'Malawi muno anapeza kuti anyamata awiri mwa atatu ndi atsikana awiri mwa asanu anachitiridwapo nkhanza zomenyedwa asanakwane zaka 18, ndipo mtsikana mmodzi mwa asanu anachitiridwapo nkhanza zogonana. Pamene wochita zimenezi ndi wa m'nyumba momwemo, msuweni amene akudikira zotsatira za MSCE, mwana wa bambo owapeza amene akugona chipinda choyandikana, nkhani imavuta kawiri chifukwa kholo liyenera kusankha pakati pa ana awiri. Khoswe wakhala pa mkhate. Kawirikawiri amasankha kuti zisamveke, ndipo mwana amene wauzidwa kuti ukhale chete usatichititse manyazi wamva bwinobwino kuti asankha ndani.

Kukondera sikufuna kholo lowapeza n'komwe. M'nyumba ya bambo mmodzi mayi mmodzi mumapezeka wanzeru wa banja amene amagulirwa tochi yowerengera, ndi "mbuzi" imene imatumidwa kuchigayo. Uyu wafanana ndi bambo ake amene anathawa, ndiye mayi akamuyang'ana amaona ngongole yakale. Za kalekale izi, paja Isake ankakonda Esau pomwe Rebeka ankakonda Yakobo, mapeto ake Yakobo anathawa ndipo anathawira kwa Labani, mlongo wa mayi ake, malume enieni, ngati Mchewa. Ana amapirira umphawi modabwitsa bola ukhale wogawana. Usipa unayi pa ana anayi palibe amathawa. Usipa unayi wina awiri wina msuzi wokha, pamenepo ndiye mtima umayamba kulongedza, thupi limadzatsatira patapita miyezi.

Mwana akapezeka, ntchito imakhala isanathe. Mabungwe ngati Chisomo Children's Club ndi Samaritan Trust ku Blantyre, kapena Tikondane ku Lilongwe, ntchito yawo yaikulu ndi yobwezera ana kwawo, ndipo chovuta sichikhala kupeza mudzi, chimakhala kuti akafika akhazikike. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la mu 2010 limaika udindo pa kholo kapena womulera, kupolisi kuli ma Victim Support Unit, kuli a Social Welfare m'maboma onse, ndipo nambala yaulere ya 116 yomwe amayendetsa a YONECO mwana akhoza kuimba yekha. Koma pokambirana timakonda kukhazika pansi akuluakulu okhaokha, bambo apepese, mayi alonjeze, ankhoswe aombe m'manja. Ana ena aja ali pawindo kumvetsera. Alendo akangochoka ndi iwo amene ayambe, "wabwera masikini", "bisani mafoni". Ena mwa iwo ali ndi mkwiyo womveka ndithu, ntchito zake ankagwira ndi iwo, misozi ya mayi ankaiona ndi iwo, lero wothawayo amuphera nkhuku. Ngati palibe amene wawafunsa maganizo awo, mwana uja sakhalitsa, ulendo wachiwiri umakhala wosavuta chifukwa njira akuidziwa kale.

Ndipo pofufuza mwana wosowa, anthu amathamangira kwa anzake a kusukulu, kwa asing'anga, kulengeza pa wailesi, kuika chithunzi pa Facebook, osafunsa amene amagona naye mphasa imodzi. Kapena amafunsa ndi lamba m'manja onse ali pamzere, ndiye ndani angaulule.

Mnyamata wa khomo loyandikana nane uja anapezeka patatha masiku 9, mu msika wa Limbe akunyamulira anthu katundu. Amene ankadziwa kuyambira tsiku loyamba anali mlongo wake wa zaka 9 uja, mwana wa "adadi" weniweni. Ndi iye amene anamubisira jumbo ya zovala kuseri kwa bafa usiku wa Lolemba, n'kuikamo ndi ndalama yake ya mandasi ya masiku awiri. Masiku onsewo palibe anamufunsa, mpaka mayi wina wogulitsa tomato pa mpanda pathupo anamuitana kuti amuthandize kusankha owola, n'kumufunsa mwachete kuti kodi achimwene ako ukuwasowa? Mwana anangoyamba kulira. Mnyamatayo m'nyumba muja sanabwereremo, anamutumiza kwa agogo ake ku Mulanje. Pomwe ndinkasamuka pamalopo, amene ankadzuka 4 koloko kukaima pa mzere wa ku mpopi ndi zigubu ziwiri anali mtsikana uja.